Kambuku anadya chiyani dzulo?

Kambuku tinamutenga kwa achimwene anga ku Bembeke ali kamwana koti nkukanyamula m'dzanja limodzi. Ndi galu wachikuda wamba, wofiirira, wa mchira wopindikira m'mwamba. Tinkafuna mlonda chifukwa nkhuku zinkangosowa m'khola, ndipo ntchito imeneyo amaigwira bwino mpaka lero. Koma atangopitirira chaka, m'mimba mwake munayamba kutisowetsa mtendere pakhomo pano.

## Kuseri kwa nyumba

Sikunali kudwala koti munthu nkuthamanga naye. Ankauwa, ankathamangitsa akhwangwala, ankachingamira ana akamachokera kusukulu. Kungoti m'mawa ndikazungulira kuseri kwa nyumba kuti ndikawole chimbudzi chake, ndinkapeza zamadzimadzi, zonanda, za fungo loti mpaka kutseka mawindo. Lero ali bwino, mawa zayambiranso. Usiku wa mu June, Dedza itazizira, aliyense ali zii m'bulangete, unkamva m'mimba mwake mukulira pakhonde iwe uli kuchipinda. Kukacha ankathamangira udzu wa m'mbali mwa mpanda, kudya, kenako kusanza thovu lachikasu.

Apongozi anga, omwe timakhala nawo, anakulira ku Ntcheu pakhomo pa agalu a uzimba. Iwo ankati, "Mwana wanga, galu sadwala m'mimba. Akadya udzu ndiye kuti wadzipezera yekha mankhwala." Sindinkawatsutsa. Agalu anawadziwa ine ndisanabadwe.

Mankhwala a njoka za m'mimba tinkamupatsa monga alangizi amanenera, miyezi itatu iliyonse kwa galu wamkulu. Kutsegula sikunasiye. Nthiti zinayamba kuwerengeka, ubweya unasiya kunyezimira.

## Funso limodzi pakhonde

Alangizi a ziweto a dera lathu, omwe tonse timangowatchula kuti adokotala, anabwera pa njinga yamoto kudzaona mbuzi ya aneba yomwe inkavutika kubereka. Akubwerera ndinawakodola. Anamugwira Kambuku, kumutukula milomo kuti aone nkhama, kumuyang'ana m'maso, kumupapasa pamimba, kukoka chikopa cha pakhosi nkuchisiya kuti aone ngati chibwerere msanga. Ine ndinkangodikira kuti atulutse jakisoni. Iwo anatseka chikwama nkukhala pampando.

"Mayi, galuyu anadya chiyani dzulo?"

"Nsima ya madeya, adokotala, monga mwa masiku onse."

"Taitanani onse a m'nyumba muno."

Anabwera onse, ndipo adokotala anafunsa aliyense payekha funso lomwelo. Mwana wanga wamkulu anati anamuponyera chidutswa cha mandasi ndi kumuthirira tiyi wamkaka wotsala m'kapu. Wamng'ono, maso ali pansi, anati Kambuku anamutsatira kumsewu, ndipo achimwene a pachiwaya anamupatsa tizikopa ta nkhumba topserera tomwe timatsalira pansi pa mafuta. Bambo a ana anati mafupa a nkhuku ya madzulo anapita kwa iyeyo, nanga akanapita kuti? Apongozi anamaliza: panali nyemba za dzana zomwe zinayamba kusasa, ndipo chakudya sichitayidwa pakhomo pali galu. Nyembazo munali anyezi, tomato, mafuta, mchere ndi kambuzi.

Adokotala ankawerenga pa zala mpaka dzanja limodzi linatha nkuyamba linalo. "Zonsezi ndi za dzulo lokha, ndipo palibe amene ankadziwa zomwe mnzake wapereka. Lero adya zina, mawa zinanso. Kubaya ndingamubaye, koma ndikhala ndikubaya chiyani?"

Kenako anatembenukira kwa apongozi. "Agogo, agalu anu a uzimba aja ankadya chiyani?"

"Mkute ndi gaga basi. Akapha kalulu, za m'kati zinali zawo."

"Mandasi?"

"Aaa, mandasi a kuti!"

"Mafuta ophikira?"

"Ngakhale ifeyo anthu tinkawaona pa Khirisimasi."

"Eya, agogo. Munanena zoona kuti agalu anu sankadwala m'mimba. Ankadya zomwezomwezo tsiku ndi tsiku, zopanda mafuta. Uyu akudya za anthu asanu."

Apongozi anakhala chete kanthawi, kenako anaomba m'manja kamodzi nkunena kuti, "Ndiye kuti tikumupweteka ndife." Kuchokera tsiku limenelo, wolondera mbale ya Kambuku ndi iwowo, ndipo palibe mdzukulu amene amayerekeza kuponya kanthu iwo ali pakhonde.

Zomwe adokotala anatifotokozera ndi zosavuta kumva. M'matumbo a galu muli tizilombo tabwino tothandiza kugaya chakudya, ndipo timazolowera chomwe chimabwera kawirikawiri. Ukasintha mwadzidzidzi, timasokonekera, chakudya chimadutsa chisanagayike bwino. Agalu ena amapirira zimenezi, moti amatola za kudzala osamva kanthu. Ena, ngati Kambuku, sapirira. Mafuta ndiye mdani wamkulu: amachedwa kugayika, ndipo akachuluka nthawi imodzi angathe kutupitsa kapamba, matenda owawa kwambiri omwe amapha. Mkaka nawo agalu ambiri akakula saugaya bwino shuga wake, ndiye umangodutsa.

## Thumba la madeya

Asananyamuke anapempha kuona madeya. Thumba linali pansi pa simenti m'khitchini, litatsamira khoma. Pamwamba ankaoneka bwinobwino. Adokotala anapinda malaya, kulowetsa mkono mpaka pansi, nkutulutsa timibulu tolimba, tofunda, tamtundu wotuwirira. Anandinunkhitsa. Fungo la chuku.

Pano ndikufuna ndiime pang'ono, chifukwa agalu ambiri m'dziko muno amakhalira madeya. Pokonola, chimanga chimathiridwa madzi, choncho madeya amatuluka m'chigayo ali achinyezi. Akalongedwa m'thumba asanayanikidwe bwino, amatentha mkati nkuyamba chuku. Kuno ku Dedza, komwe nkhungu imatha kukuta phiri m'mawa wonse ndipo dzuwa la mu June ndi July limakhala lopanda mphamvu, kuumitsa ndi ntchito. Chinanso, madeya ogula kuchigayo ndi osakanikirana: muli a chimanga cha anthu ambiri, osankha bwino ndi osasankha omwe.

Chuku china cha m'chimanga ndi mtedza chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, yemwe amawononga chiwindi. Agalu ali m'gulu la nyama zomwe sizichedwa naye. Kuphika sikumupha, ngakhale nsima ipse bwanji. Ndipo wambiri amakhala kunja kwa njere, kotero tikakonola, ufa woyera umatsala ndi wochepa pamene wochuluka wapita m'madeya, omwe timapatsa galu, nkhuku ndi nkhumba. Mu 2024 boma la Zambia linalengeza kuti agalu pafupifupi 400 afa atadya chakudya cha chimanga chokhala ndi poizoni ameneyu, ndipo chaka chomwecho kunonso ku Malawi agalu mazana anafa ndi vuto lomweli, ambiri mwa iwo odya nsima ya madeya. Galu wotere amakana kudya, amafooka, amasanza, maso ndi nkhama zimasanduka zachikasu, kenako amatsegula magazi.

Kambuku sanafike pamenepo. Nkhama zake zinali zofiira bwino, maso oyera. Koma thumba lija tinalikwirira m'dzenje lonse, osapatsako nkhuku kapena nkhumba za aneba. Ndipo ine kuyambira pomwepo ndimasankhanso mtedza wa nsinjiro mosamala kuposa kale, chifukwa poizoniyu sasankha chiwindi cha galu chokha.

## Mpunga ndi nkhuku, koma kwa masiku ochepa

Choyamba chinali kupumitsa m'mimba. Adokotala anati timuphikire mpunga woyera wolobodoka kwambiri ndi mnofu wa nkhuku wowiritsa, wochotsa chikopa ndi mafupa, wopanda mchere, mafuta, anyezi kapena tomato. Muyeso wake: magawo awiri mpunga, gawo limodzi nyama. Osamudzazira mbale kamodzi, koma pang'onopang'ono katatu kapena kanayi patsiku, madzi oyera ali pambali nthawi zonse. Anawonjezera supuni imodzi kapena ziwiri za dzungu lowiritsa lopotapota, chifukwa dzungu limathandiza kumanga chimbudzi.

Ndikudziwa zomwe ena mukuganiza, chifukwa nanenso zinandivuta mumtima. Galu adye mpunga wa nkhuku m'dziko lomwe mabanja ambiri amaudya pa chikondwerero chokha? Funso limeneli ndi loona ndipo sindilipeputsa. Yankho langa ndi lakuti chakudyachi ndi mankhwala, cha masiku atatu mpaka asanu basi, ndipo pali njira zotsika mtengo. Mpunga wosweka, wonga womwe umachokera kumunsi ku Bwanje ndi Mtakataka, umagwira ntchito chimodzimodzi. Dzira lowiritsa limalowa m'malo mwa nkhuku. Mbatata yowiritsa yosenda imalowa m'malo mwa mpunga. Chofunika n'chakuti chikhale chofewa, chopanda mafuta, cha zinthu ziwiri zokha.

Kupitirira masiku asanuwo sichiyeneranso, chifukwa mpunga ndi nkhuku zokha sizikwanira zonse zomwe thupi la galu limafuna.

Sabata isanathe, chimbudzi cha Kambuku chinaumbika. Usiku pakhonde panali bata.

## Chimodzi, kenako dikirani

Gawo lotsatira ndi lomwe limafuna kudekha, ndipo ndi lomwe ambiri timalephera. Galu akangochira timabwerera ku zakale zonse nthawi imodzi, akayambanso sitidziwa kuti wapalamula ndi uti.

Ife tinatenga kope lakale la mwana. Tsamba lililonse mizere iwiri: wadya chiyani, wachita chimbudzi chotani. Tinkawonjezera chakudya chatsopano chimodzi chokha, pang'ono, nkudikira masiku angapo tisanayese china. Chimbudzi chabwino ndi choumbika, chofiirira, choti ukawola pansi sipatsala kanthu kwenikweni. Chikafewa, chomwe tawonjezera chija chimachoka, timabwerera pomwe zinali bwino.

Kopelo linatiuza zomwe palibe akanatiuza. Mazira owiritsa, bwino. Usipa wonyika m'madzi, wotsuka mchenga nkuwiritsa, bwino kwambiri. Mbatata ndi maungu, bwino. Kachewere, yemwe kuno sasowa, amamuyanja akakhala wowiritsa mpaka kufewa. Waiwisi, wobiriwira khungu kapena wophukira ayi, chifukwa ameneyo ali ndi poizoni wake. Nyemba zinkamutupitsa mimba. Soya pieces, mwina chifukwa cha zokometsera zake, zinamutsegula tsiku lomwelo. Mkaka ndi mafuta a nkhumba sitinayesenso n'komwe.

Musakopere mndandanda wa Kambuku ngati lamulo. Zakudya zomwe zimapezeka kawirikawiri kuti sizikuyanjana ndi matupi a agalu ndi nyama ya ng'ombe, mkaka, nkhuku ndi tirigu, choncho nkhuku yomwe inathandiza wathu ingakhale yomwe ikuvutitsa wanu. Galu yemwe thupi lake limadana ndi chakudya china nthawi zambiri amadzikandanso, amanyambita mapazi, makutu amatuluka zonunkha. Wotere amafunika kukhala pa mtundu umodzi wa ndiwo, womwe sanaudyepo, kwa masabata pafupifupi 8 osalawa china chilichonse, ndipo ndi bwino kuchita zimenezo mothandizidwa ndi adokotala a ziweto.

Kusamuka kuchoka pa chakudya china kupita pa china kumatenga masiku 7 mpaka 10. Masiku oyamba chatsopano chikhale gawo limodzi mwa anayi, kenako theka, kenako magawo atatu, pomaliza chonse. Lamulo limeneli ndi limodzi kaya mukuphika nokha kaya mukugula cha m'sitolo.

## Mphika wake lero

Madeya ogula tinasiya. Kambuku amadya mgaiwa wa chimanga chomwe timadya ifeyo, chosankha zowola, chouma bwino, chosungidwa pa thandala osati pa simenti. Ndimauphika nthawi yaitali kuposa nsima ya anthu ndipo ndimausiya wofewerapo, chifukwa ufa wosapsa ndi womwe umavuta kugaya. Amene simungathe kusiya madeya, tengani a chimanga chanu chomwe, muwayanike pamphasa tsiku lomwe achoka kuchigayo mpaka aume gwaa, ndipo musasunge ambiri.

Nsima yokha si chakudya cha galu. Imadzaza mimba koma thupi limatha. Ndimayesetsa kuti pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a mbale yake likhale usipa, dzira kapena mnofu wopanda mafuta. Usipa ndimaukonda chifukwa amadya ndi minga yake yomwe, yomwe imalimbitsa mafupa. Masiku omwe wadya dzira, chikamba chake ndimachiumitsa pa mbaula, kuchisinja mpaka chikhale ufa, nkuwazamo pang'ono. Pamwamba dzungu kapena mbatata, nthawi zina nkhwani wowiritsa wopanda soda. Mafuta ndimathira kasupuni ka tiyi, osaposa.

Amadya kawiri, m'mawa ndi madzulo, nthawi yomweyomweyo. Kale ankadya kamodzi usiku, ndipo thovu lachikasu la m'mawa lija linali ndulu yomwe imavutitsa m'mimba mukakhala mopanda kanthu nthawi yaitali. Titagawa chakudya pawiri, linatha. Chomwe wasiya m'mbale chimachotsedwa, mbale imatsukidwa, madzi amasinthidwa tsiku lililonse.

Ena amandifunsa za chakudya cha m'matumba chomwe chimapezeka m'masitolo akuluakulu ku Lilongwe, chambiri chochokera ku South Africa, china cholembedwa kuti ndi cha agalu ovuta m'mimba. Chabwino chilipo, ndipo ubwino wake ndi wakuti zonse zofunika m'thupi zinayezedwa kale. Mukamagula, werengani kumbuyo kwa thumba: zomwe zalembedwa koyambirira ndi zomwe zachuluka, sankhani cha mndandanda waufupi, cha mtundu umodzi wa nyama, cha mafuta ochepa. Onani tsiku lotha ntchito, kanani thumba lobooka kapena lonyowa, ndipo mukatsegula lisungeni m'ndowa yotseka, chifukwa nachonso chimachita chuku. Koma maganizo anga ndi awa: ngati simungakwanitse kugula mwezi ndi mwezi, musayambe. Galu wodya cha m'sitolo pa malipiro, madeya pakati pa mwezi, zotsala kumapeto, ndi yemwe sadzachira. Mphika wa pakhomo wosasinthasintha umaposa thumba lodula lobwera mwa apo ndi apo.

## Zoti asalawe n'komwe

Anyezi ndi adyo zimaphwanya magazi a galu, zophika ndi zaziwisi zomwe, ndiye msuzi wa ndiwo zathu si wake. Mafupa ophika, makamaka a nkhuku, amasweka mosongoka ndipo amatha kubaya kapena kutseka matumbo. Chokoleti ndi mphesa ndi poizoni kwa iye. Ndipo chonde, musamupatse mankhwala a anthu opha ululu. Brufen, Indocid ndi diclofenac amachititsa zilonda m'mimba mwa galu ndi kuwononga impso ngakhale atakhala ochepa, ndipo Panado naye amapweteka chiwindi muyeso ukaphonyeka.

## Pamene mphika sungathandize

Zonse ndalembazi ndi za galu wamkulu yemwe akutsegula koma akudya, akumwa, akusewera. Pali nthawi zomwe kuphika mpunga ndi kutaya nthawi. Mukaona magazi m'chimbudzi kapena chimbudzi chakuda bii, kusanza kosalekeza moti ngakhale madzi sakukhala, nkhama zotuwa kapena zachikasu, mimba yotupa yolimba, galu wongogona osadzuka, kapena chikopa cha pakhosi chosabwerera mukachikoka, funani adokotala tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso kutsegula kukapitirira masiku awiri ali pa chakudya chofewa chija.

Kwa ana a galu musadikire n'komwe. Kagalu kosabayitsa komwe kakusanza ndi kutsegula magazi onunkha kawirikawiri kamakhala kagwidwa ndi matenda opatsirana a agalu otchedwa parvo, ndipo kamatha kufa m'masiku ochepa chifukwa chotha madzi m'thupi. Katemera wake alipo, woyamba kagalu kali ndi masabata 6 mpaka 8. Tiagalu timafunanso mankhwala a njoka masabata awiri aliwonse mpaka titakwana miyezi itatu. Alangizi a ziweto amapezeka kudzera ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu kapena paboma, ndipo ku Lilongwe kuli chipatala cha bungwe losamalira nyama la LSPCA kwa amene mungathe kufikako. Mukakumana nawo, funsaninso za katemera wa chiwewe, yemwe amateteza galu ndi ana anu omwe.

## Chomwe chimativutabe

M'nyumba tinagwirizana. Chovuta ndi kunja kwa mpanda. Nyengo ya zinkhoswe ndi maukwati, mafupa ndi mpunga wamafuta zimakhala mbwee m'madzala, ndipo Kambuku akangopeza mpata, mawa lake timadziwa. Nthawi ya chitopa ndiye zoopsa kwambiri, chifukwa anthu amataya nkhuku zakufa patchire, galu nkukafukula zitayamba kale kuwola. Zathu zikafa timakwirira mozama nkuikapo mwala, ndipo aneba tinawapempha kuti azichita chimodzimodzi. Kukakhala phwando pafupi, Kambuku amagona m'khola lake mpaka zotsala zitachotsedwa.

Ana a aneba amamukonda, ndipo kuwaletsa kumupatsa kanthu kunkawakhumudwitsa. Apongozi ndi omwe anapeza njira. Amawiritsa mbatata yowonjezera m'mawa, kuiduladula nkuika m'kambale pawindo la khitchini. Mwana aliyense wofuna kudyetsa Kambuku amatenga chidutswa chimodzi pamenepo, ndipo kambale kakatha, zatha mpaka mawa. Achimwene a pachiwaya ndinakalankhula nawo ndekha, anamvetsa, moti masiku ano akamuona amamuthamangitsa kuti abwerere kunyumba.